Miyezi 8 ndi ma DVD a Catherine Deneuve, nayi ripoti ija

Amene munkandifunsa za ma DVD ndinagula pa kaunjika mu Febuluwale aja, ndabwera tsopano. Ndi mafilimu anayi a mayi Catherine Deneuve, katswiri wa zisudzo za m'mafilimu wa ku France, mu kabokosi kamodzi.

Poyamba ndinkaona ngati ndalama zanga zalowa m'madzi, sindikunama. Les Parapluies de Cherbourg ya 1964 ndinaizimitsa mphindi 20 zisanakwane chifukwa aliyense amangoimba, ngakhale amakaniko pa galaja nkhani ya injini akuimba ndithu, madam kunyumba kuno kuseka mpaka misozi. Nkhope ya mayiwa nayonso inkanditopetsa, yosagwedezeka, ngati munthu woti wakhumudwa koma sakufuna kunena.

Ndinaibwereza mu Juni usiku wina tulo titandithawa, ndiye eee. Kumapeto kuja pa filling station chipale chikugwa, akumana ndi chibwenzi chawo chakale chimene chinapita ku nkhondo ya ku Algeria n'kuwasiya ndi pakati, aliyense ali pa banja lake tsopano, mwana uja ali m'galimoto, amufunsa mnyamatayo ngati akufuna kumuona iye n'kukana, iwo osalira osakuwa, kungobwerera ku galimoto n'kumapita. Pakhosi panandiuma. Zonse zili m'maso basi, ndipo filimuyi ikutuluka n'kuti ali ndi zaka 20 zokha, inawina mpaka Palme d'Or, mphoto yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu ku Cannes, ku France. Pofika lero ndaionera kasanu.

Imene yandivuta ndi Les Demoiselles de Rochefort. Ndinkaikonda, kuvina, mitundu yowala, mpaka nditadziwa kuti amene akusewera ngati mapasa nawoyo ndi mkulu wawo weniweni Françoise Dorléac, ndipo anafa pa ngozi ya galimoto kufupi ndi Nice mu Juni 1967 ali ndi zaka 25, filimu itangotuluka miyezi yochepa. Panopa akamaimba awiriwo ndimangoyang'ana mkuluyo.

Belle de Jour musaonere ndi ana kapena apongozi, ndakuuziranitu.

Zodandaula zilipo. Mawu achingelezi olembedwa m'munsi aja ndi oyera ndiye pa chipale amasowa, umangoganizira wekha. Disiki ya Indochine ya 1992, imene inawafikitsa pa mndandanda wopikisana pa Oscar, imaima pakatikati, ndayesa kupukuta ndi kansalu, ndayesa mankhwala otsukira mano monga ena amanenera, ayi ndithu. Alamu anga anaitenga mu Ogasiti ati akayese pa makina awo, mpaka lero foni sakuyankha.