Sitolo ya zipangizo za m'labu imene imayankhadi mafunso

Anzanga a m'labu kuno ku Mangochi, pali sitolo ina ku Limbe komwe chipatala chathu chaching'ono chikugula Giemsa (utoto wothira pa magazi poyeza malungo) ndi mapiritsi a buffer (okonzera madzi osungunulira utotowo) masiku ano. Katundu wawo ndi wabwino, koma chimene chandikoka n'chakuti ukawafunsa za ntchito amayankha ngati anthu oti anakhalapo pa maikulosikopu.

Ma slide athu a malungo (timagalasi topakapo magazi) ankatuluka obiriwira mopitirira, moti kadontho kofiira ka Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo, kankasowa. Ndinafunsa anzanga pafoni. Wina anati Giemsa wasukuluka, wina anati vuto ndi methanol (mankhwala omatirira magazi pa slide), wina maikulosikopu. Onsewa ndi akatswiri, koma palibe anaona slide. Mayi wa kusitoloko, amene anagwirapo ntchito m'labu, sanathamangire kuyankha. Anati, "Achimwene, ikani foni pa diso la maikulosikopu mundijambulire. Nanga Giemsayo mukumusungunula ndi madzi ati?" Distilled water (madzi otchezedwa) anali atatha, ndiye tinkatunga a pamjigo.

Gwero linali pomwepo. Giemsa amafuna madzi a pH 7.2 (pH ndi muyezo wa asidi m'madzi). Ikakwera, slide imabiriwira kwambiri, ikatsika, imafiirira. Anatitumizira mapiritsi aja, limodzi pa lita imodzi ya distilled water, n'kutikumbutsa kuti Giemsa wa 10 peresenti amakhala pa slide mphindi 10, pomwe wa 3 peresenti amafuna mphindi 45 mpaka 60. Tsiku lomwe tinayamba kuwagwiritsa ntchito, timphete ta kachilomboka tinaonekera bwinobwino, kadontho kali psuu. Kwa ife amene timayeza ana otentha thupi ochokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja tsiku ndi tsiku, imeneyi si nkhani yaing'ono: slide yosaoneka bwino ndi mwana wobwerera kwawo popanda mankhwala.

Zodandaulitsa zilipo. Katundu amachedwa kufika chifukwa amadalira minibasi yodzera ku Zomba ndi Liwonde, ndipo botolo lina la immersion oil (mafuta odonthezera pa slide poyang'ana pa maikulosikopu) linafika likudontha. Anatisinthira, koma tinachita kuwakumbutsa. Mitengo nayo sikhazikika.

Ndinawayesanso ndi funso la makina a GeneXpert. Ananena mosabisa kuti zimenezo si zawo, ndipite nalo kwa oyang'anira labu pachipatala cha boma, amene amayeza TB pa makinawo tsiku lililonse. Ndinapitadi, ndipo anandithandiza.