Galimoto zonyamula alendo ku Sossusvlei: lipirani, mchenga wa kumeneko si wamasewera

Kuchokera pachipata cha Sesriem, m'paki ya Namib-Naukluft ku Namibia, msewu wa phula umayenda makilomita pafupifupi 60 n'kuthera pamalo oimikapo galimoto wamba. Makilomita 5 otsalawo, okafika ku Deadvlei ndi Sossusvlei (zigwa za dongo zozunguliridwa ndi mapiri a mchenga), ndi mchenga wokhawokha. Apa ndi pomwe pamadikirira galimoto za 4x4 zonyamula alendo, ndipo ndalama yomwe amalipiritsa siiwawa, ngakhale kwa inu amene mwabwera ndi 4x4 yanuyanu.

Nkhani yagona pa mchengawo. Mphepo imaupeta monga mayi apetera mphale pa lichero: fumbi limauluka kupita kutali, timiyala timatsala, ndipo pamaunjikana timchenga tosalala, tofanana kukula, tosagwirana. Tayala lopopa kwambiri likaponda pamenepo limangokumba, galimoto n'kukhala pamimba. Madalaivala a pano amaphwetsa matayala kufika cha pa 1.5 bar pa geji yoyezera mpweya kapena kutsikirapo kuti aziponda motambasuka, amayenda pa giya yotsika, ndipo saima pofewa. Alendo ambiri amatitimira chifukwa chosintha giya pakati pa mchenga kapena kuponda moto mwamphamvu tayala litayamba kale kuterereka. Dzuwa likakwera zimanyanya, popeza mchenga wotentha ndi wouma umafewa kuposa wa m'mamawa.

Chofooka cha ntchitoyi n'chakuti ndi yonyamula basi. Mukafuna kumvetsa zomwe mukuona, tengani wolondolera alendo, chifukwa malowa ali ndi zambiri. Mchenga wofiirawu unachokera kutali: mtsinje wa Orange unautsanulira m'nyanja ya Atlantic, mafunde anaukankhira kumpoto m'mbali mwa gombe, kenako mphepo ya kum'mwera chakumadzulo inauulutsira kumtunda. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo lomwe lakuta kamchenga kalikonse. M'nyengo yozizira kumabwera mphepo ina yochokera kum'mawa, ndipo kulimbana kwa mphepozi kumaumba mapiri a mchenga okhala ndi misana ingapo yochokera pansonga imodzi, omwe amakula chokwera m'malo mosuntha. Phiri la mchenga lotchedwa Big Daddy, loyang'anizana ndi Deadvlei, ndi lalitali mamita pafupifupi 325. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika dera lonse la mchengali, lotchedwa Namib Sand Sea, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Pokwera, tsatani msana wa phirilo. Mbali yomwe mphepo imawomba ndi yolimba, pomwe mbali yobisika, komwe mchenga umagwera, imatsetsereka madigiri pafupifupi 34 ndipo imagumuka mukangoponda. Imeneyo ndi yotsikira.

Deadvlei yeniyeniyo ili pamtunda wa kilomita imodzi ndi pang'ono wapansi kuchokera pomwe galimoto imakusiyani. Ndi chigwa cha dongo loyera pomwe madzi a mtsinje wa Tsauchab ankafika, mpaka mphepo inaunjika mchenga n'kutseka njira. Mitengo ya minga inauma zaka 600 kapena 700 zapitazo, koma siinaole chifukwa kulibe chinyezi. Chonde musaikwere kapena kuitsamira pojambula.

Galimotozi n'zotsekuka m'mbali, choncho kamera ikhale m'chikwama chotseka. Valani nsapato zotseka, nyamulani madzi osachepera malita 2 aliyense, ndipo funsani dalaivala nthawi ya galimoto yomaliza musanatsike. Cha m'ma 11 koloko anthu amabwerera nthawi imodzi, ndiye mungadikire ndithu.