Breka ya B kapena ya C: musathamangire kukweza nambala

Alamu anga ku Kalongwezi, ku Chipata, ali ndi pampu ya pachitsime ya 1.1 kW. Malaiti a ZESCO akangobwera, pampu n'kuyamba kuzungulira, breka inkagwa pomwepo. Mnyamata wina wodziwa za mawaya anachotsa ya 10A n'kuikapo ya 32A, nati nkhani yatha. Kugwako kunathadi, koma waya wopita kupampu ndi wa 1.5 mm², ndipo breka ya 32A siingauteteze.

Breka imateteza waya, osati pampu kapena firiji. Waya wa 1.5 ndi wa mababu, ndipo 10A ndiyo yake; wa 2.5 wa masoketi umayenda ndi 16A kapena 20A. Sitovu imafuna waya wa 6 ndi 32A. Choncho nambala inali bwino kale. Chomwe chinalakwika ndi chilembo chili kutsogolo kwa nambalayo (ya alamu inali B10), chija ambiri sitichiyang'ana tikamagula ku Down Shops.

Ya B imagwa nthawi yomweyo mphamvu ikakwera katatu mpaka kasanu kuposa nambala yake. B10 ndiye kuti pakati pa 30A ndi 50A yapita. Ya C imapirira mpaka kasanu kufika kakhumi, kutanthauza 50A mpaka 100A pa C10. Pampu ngati ya alamu imadya pafupifupi 7A ikakhazikika, koma podzuka imatha kukoka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mwina 40A kwa kanthawi kochepa chabe. B10 imaona ngati shoti, C10 imangoisiya kuti idutse. Katundu wolumikizidwa pawaya akachuluka pang'onopang'ono, zonse ziwiri zimagwa mofanana, chifukwa kachitsulo kamene kamapindika ndi kutentha m'katimo kamagwira ntchito chimodzimodzi.

Ndiye tingoika C paliponse? Ine ndimakana. Ganizirani waya wautali wochoka kunyumba yaikulu kupita kukhola la nkhuku kumapeto kwa puloti. Shoti ikachitika kumeneko mphamvu yake imakhala yochepa, mwina osafika poti C igwe msanga, waya n'kumapsa kaye. Apo B ndiyo yabwino. N'chimodzimodzi nyumba zoyendera invata ya sola, zomwe zachuluka chiyambire kuzimazima kwa 2024 madzi atachepa ku Kariba: invata siitha kukankha mphamvu yambiri ngati ZESCO. Mbali ya mapanelo ndi mabatire yokha imafuna breka yolembedwa DC, izi za m'nyumba musaikeko.

Ya D, yopirira kakhumi mpaka 20, asiyireni a makina owotcherera zitsulo ku Kapata.

Za mtengo, zotchipa zopanda dzina ndinasiya. Yang'anani pathupi pake ngati palembedwa IEC 60898 ndi 6000 m'kabokosi, ndiko kuti imadula shoti ya 6000A (6kA) osaphulika. Schneider, ABB, Hager kapena CHINT zenizeni zimalemba zonsezi moonekera bwino, ndipo m'manja zimamveka kulemera. Pitani ndi yakale kusitolo, chifukwa ma DB (mabokosi a mabreka) ena a ku South Africa ali ndi kanjanji kopapatiza komwe breka wamba, ya mtundu wa DIN, siikwana.

Kwa alamu tinaika C10, waya womwewo. Pampu ikudzuka bwinobwino, ndipo 32A ija tinaisungira sitovu.