Makina a espresso a pakhomo: a portafilter kapena odzichitira okha?

Onsewa amakankha madzi otentha pafupifupi madigiri 93 kudutsa mu khofi wogayidwa. Amasiyana pa ntchito imene imatsalira inuyo.

A portafilter (kasefa kokhala ndi chogwirira, komwe mumaikamo khofi wogayidwa): mumagaya nokha, kuyeza magalamu 18, kutsindira, n'kudikira masekondi 25 mpaka 30.
Odzichitira okha: mumangothira njere za khofi n'kudina batani.

Pa mtengo, a portafilter amaoneka otchipa, koma chogayira chabwino mugula padera, ndipo musachiderere. Khofi akagayidwa mokhakhala, madzi amangothamanga, espresso n'kutuluka wopyapyala ndi wowawasa. Dzanja likazolowera, kukoma kwake makina enawo sakufikako.

Kusamala: a portafilter ndi kutsuka kasefa, kupukuta kapaipi ka nthunzi kotenthetsera mkaka mukangomaliza, mkaka usanaumirepo, n'kusintha labala akayamba kudontha. Odzichitira okha amabisa litsiro m'kati, ndipo zotsalira za khofi zonyowa zimachita nkhungu mukapanda kukhuthula. Akawonongeka, nthawi zambiri ndi a amisiri basi. Onse amafuna kuchotsedwa laimu, makamaka ngati madzi anu amasiya zoyera mu ketulo.

Wokonda kuyesayesa m'mawa atenge a portafilter. Banja la anthu ambiri othamangira kuntchito, odzichitira okha ndiwo angawathandize.