Nyenyezi zitatu: Tektronix 465 ndi yabwino, koma wogulitsa anandinamiza kuti yayesedwa

Ndinagula oscilloscope (mwachidule scope, chida choonetsa mafunde a magetsi pa sikirini) ya Tektronix 465 kwa bambo wina amene amagulitsa zida zakale zoyezera magetsi, pa mtengo wa scope yamoyo, osati wa yokaphwasula. Pa malondapo analemba kuti "yayesedwa, ikugwira bwino ntchito", ndipo ndalama zanga ndinaperekera mawu amenewo. Akanalemba kuti ndi yakufa ndikanagulabe, pakuti kudzutsa zida zoterezi ndiko kumandisangalatsa ndikaweruka, koma ndikanapereka theka lokha.

Za kapakidwe sindinena zambiri. Chinthu cholemera chotero, chokhala ndi chubu cha galasi cha sikirini mkati, anangochikulunga ndi nyuzipepala, ndipo chinafika knob imodzi ya POSITION itasweka.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi fyuzi. Ine chida chakale sindichilumikiza kukhoma mwachindunji, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Ndimayamba ndaona chosankhira voteji cha kumbuyo ngati chili pa 115 kapena pa 230, kenako ndimadutsitsa magetsi mu babu lakale la filamenti. Makina akakhala abwino, babu limawala kamphindi pamene makapasita akudzaza, kenako limazirala. Apa linawala mwamphamvu ndipo silinazirale ngakhale pang'ono, thiransifoma ikung'ung'udza. Ndinazimitsa msanga n'kudzifunsa kuti, ngati muli shoti yotere, fyuzi inapulumuka bwanji kwa wogulitsa uja? Nditaitulutsa ndinapeza kuti inapsa kalekale, galasi lake lili bii mkati, ndipo wina anaikulunga ndi kawaya ka kopa kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

Amene mumakonza zinthu mukudziwa tanthauzo la zimenezi. Fyuzi ikapsa ndiye kuti pali chimene chaipsereza. Kuimanga ndi waya ndi kulola kuti chotsatira kupsa chikhale thiransifoma, ndipo thiransifoma ya 465 siigulidwa yatsopano, umachita kupha scope ina kuti uipeze. Makina amenewa anatuluka koyamba mu 1972. Apirira zaka pafupifupi makumi asanu m'manja mwa anthu osiyanasiyana, ndiye afe chifukwa munthu waumira fyuzi ya ndalama zochepa? Komanso taganizani za wogula amene sadziwa za babu, wangoyamba kumene kuphunzira, walumikiza kukhoma n'kutuluka panja kuti makina atenthe. Nyumba imatha kupsa ndi zimenezi.

Ndinamulembera mwaulemu, ndi zithunzi zomwe. Ndinati, "Bambo, scope ija mwati yayesedwa ili ndi shoti, ndipo fyuzi yake ndi yomanga ndi waya. Munaiyesa bwanji?" Yankho linali lakuti, "Achimwene, ine ndinayatsa ndipo inalira. Zinthu zakale ndi choncho, musamayembekezere ngati zatsopano." Inalira! Kulira kumeneko kunali kwa thiransifoma ikuvutika. Kuyesa scope si kumvera phokoso. Tektronix anaika calibrator (kadera koyesera scope) kutsogolo kwa makinawo, yotulutsa square wave (funde looneka ngati timabokosi) ya 0.3 V pa 1 kHz kapena pafupi pomwepo, kuti aliyense athe kukolekapo probe (chingwe choyezera) n'kuona ngati mzere ukutuluka. Sizitenga ngakhale mphindi zisanu. Munthu amene akugulitsa zida zoyezera osadziwa zimenezi asamalembe mawu oti "yayesedwa", ndipo amene akudziwa koma n'kulembabe ndi wabodza. Chinandiwawa kwambiri ndi kundiphunzitsa kuti zakale ndi choncho, ngati kuti ndikudandaula za utoto wosupuka.

Kubweza ndinaganizako, koma ndinaopa kuti ikayendanso ulendo wina mu nyuzipepala zomwe zija chubu chisweka. Ndiye ndinaitsegula.

Shoti inali mu bridge rectifier imodzi (kachipangizo ka ma diode anayi kosandutsa magetsi a AC kukhala a DC), diode imodzi mkati mwake inali itagwirana. Nditasintha, babu linazirala monga mwa nthawi zonse, koma mzere pa sikirini kunalibe. Pa 465 uyenera kuyamba ndi +55 V chifukwa ma voteji enawo amatsamira pa iyo, ikalakwika onse amalakwika. Iyo inali bwino, +110 V inalinso bwino, koma +15 V inali pafupifupi ziro. Apa aliyense amene anagwirapo makina a zaka zimenezo amadziwa kokayang'ana: timakapasita ta tantalum tija tonga mikanda, timene tikakalamba timafa mogwirana n'kugwetsa njira yonse. Ndinakapeza kamodzi kakuwerenga pafupifupi ziro pa mita, ndinakadula mwendo umodzi, +15 V n'kudzuka nthawi yomweyo. Izi sindikuimba nazo mlandu opanga ngakhale wogulitsa, ndi ukalamba chabe, ndipo ndi ntchito imene ndimaikonda. Ndinayezanso ESR (kukaniza magetsi kwa mkati, kumene kumakwera kapasita ikakalamba) ya makapasita akuluakulu osefa magetsi n'kusintha amene anali atauma. Kwa amene mukufuna kuyamba, mbali ya chubu muisamale. Kumeneko kuli ma voti oposa 18,000, ndipo mphamvu ina imatsalira ngakhale mutazimitsa.

Mzere utatuluka, mkwiyo wanga unayamba kuchepa. Chubu chake ndi chowala, chakuthwa, chopanda chipsera, ndipo INTENSITY sindifika nayo ngakhale pakati. Amene anasakapo makinawa akudziwa kuti ambiri amabwera ndi chubu chotopa, chimene ukachiwalitsa mzere umafufuma, ndipo pamenepo palibe chokonza. Kupatula fyuzi ija, mkati munali mosakhudzidwa ndi manja osadziwa: palibe zowotcherera zonyansa, palibe trimmer (kopotokola kochunira dera) yopotokoledwa mwachisawawa. Ma switch a VOLTS/DIV ankadumphadumpha, koma ndinangodula kapepala koyera, n'kukanyowetsa ndi isopropyl, n'kukakoka pang'onopang'ono pansi pa timapazi tagolide ta m'ma switchwo. Musapoperemo mankhwala otsukira ma switch amene amabwera m'chitini, bolodi ya attenuator, pamene pali ma switchwo, siigwirizana nawo. Nditamaliza, square wave ya calibrator inadzaza mabokosi asanu ndi limodzi a pa sikirini ndendende, ndi probe ya 10X (yochepetsa siginolo kakhumi), VOLTS/DIV ili pa 5 mV, pa tchanelo zonse ziwiri. Ngakhale timagetsi tosonyeza X1 ndi X10 kuseri kwa knob tinasintha tokha nditalumikiza probe yokhala ndi kapini kake. Ndinakhala nthawi ndikungosinthasintha ma probe kuti ndizitiona.

Chinanso chimene ndiyenera kunena mwachilungamo n'chakuti m'kathumba ka pamwamba pa makinawo munali buku lake lenileni la service, limene sanalitchule n'komwe pa malonda. Mabuku a Tektronix a nthawi imeneyo ali ndi ma schematic (mapu a madera a magetsi) onse otambasula, mafotokozedwe a mmene dera lililonse limagwirira ntchito, ma voteji ndi mawonekedwe a mafunde amene uyenera kupeza pa malo oyezera, ndi ndondomeko yonse ya calibration. Amapezeka pa intaneti, inde, koma pepala lotambasula patebulo ndi lina, sufunika kukuza ndi kuchepetsa pa kompyuta dzanja lina lili ndi probe. M'mphepete mwa masamba ena mwini wake wakale analembamo ndi pensulo ma voteji amene anapeza, ndipo anga anafanana nawo kwambiri. Bukulo palokha anthu amaligulitsa padera, ndiye pamenepa bamboyo anandikomera mtima, kaya ankadziwa kaya sankadziwa.

Patapita nthawi analembanso yekha, ulendo uno mofatsa. Anati makinawo anawagula pamodzi ndi katundu wina wambiri ndipo fyuzi sanaitsegule. Anatumiza knob ina yochotsa pa scope yakufa, yofanana bwinobwino, n'kubwezanso kagawo ka ndalama. Za fyuzi ndikukhulupirira kuti mwina si iye anamanga, chifukwa kawayako kanali katada kale. Koma kupepesa sanapepese, ndipo sanavomere kuti kuyatsa ndi kuyesa ndi zinthu ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake nyenyezi sizikupitirira zitatu. Mukafuna kugula kwa iye, muuzeni akutumizireni chithunzi cha mzere wa calibrator pa tchanelo zonse ziwiri, makina ali oyaka, nambala ya siriyo ikuoneka. Muuzeninso achotse fyuzi aijambule, ndipo mugwirizane za kapakidwe musanalipire, thovu lokhuthala mbali zonse makamaka kutsogolo kumene kuli ma knob.

Pakali pano scope ikugwira ntchito patebulo langa, ndayezera kale amplifier ndi oscillator ya wailesi yakale. Delayed sweep (yokulitsira kachigawo ka funde) ikuyenda, trigger (yoimitsa funde pa sikirini) ikugwira mosavuta ngakhale pa siginolo yaing'ono. Fani ikulira pang'ono ikangoyaka, ikufuna kadontho ka mafuta. Za 100 MHz, malire a liwiro la siginolo imene makinawa amayeza, sindinatsimikize, chifukwa jenereta yanga siifika kumeneko. Ndikumanga kadera kotulutsa pulse yothamanga kuti ndiyeze rise time (nthawi imene mzere umatenga kuti ukwere), imene pa makinawa iyenera kukhala 3.5 ns kapena kucheperapo, ndipo ndikapeza zotsatira ndidzawonjezera pa ndemanga ino.