Kachipinda ka magemu pa Nchalo komwe kali ndi PlayStation ndi Xbox

Pa Nchalo pali kachipinda kosewerera magemu komwe ndakhala ndikupitako kwa miyezi itatu, ndipo chimene chimandikopa n'chakuti mwini wake anaika PlayStation 4 ndi Xbox One moyandikana. Nditawafunsa chifukwa chake, bambowa anati makina amodzi sangakwaniritse zofuna za kasitomala aliyense, ndipo ndikugwirizana nawo. God of War ya 2018 ndi Spider-Man ndi magemu a Sony, kampani yopanga PlayStation, omwe sapezeka pa Xbox, pomwe Halo 5 ya Microsoft, kampani yopanga Xbox, simungaisewere pa PlayStation. Makampaniwa amasunga dala magemu otere kuti wokonda gemuyo agule makina awo, choncho ife amene sitingakwanitse kugula onse awiri timapumira pa malo ngati amenewa.

Mpikisano wa makampani awiriwa unafika povuta mu 2023 pamene Microsoft inagula Activision Blizzard, kampani yopanga gemu ya Call of Duty, pa mtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni, koma inasainirana pangano la zaka 10 ndi Sony kuti Call of Duty isachoke pa PlayStation. Komabe anyamata ambiri kuno amangofuna mpira wa FIFA, womwe uli pa makina onse awiri.

Chimene chimandidandaulitsa ndi kutentha. Mu Okutobala chipindachi chimakhala ngati ng'anjo, fani ndi imodzi yokha, ndipo makina amazima okha masana mpira uli mkati. Bambowa ndawapempha kuti aboole zenera lina kumbuyo, nthawi yotayikayo asamatilipiritse.