Mphaka wodwala impso: azituluka kapena azikhala m'nyumba?

Kumudzi mphaka amadziyendera yekha, koma wathu kuno ku Johannesburg akudwala impso, ndiye nkhani inavuta.

Akatuluka amasangalala, amawothera dzuwa, n'kumathamangitsa abuluzi. Koma kunjako kuli magalimoto, agalu, nkhupakupa, komanso amphaka a eni amene akamuluma atha kumupatsira FIV, kachilombo kofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka. Mu June ndi July usiku kumazizira koopsa. Nanga nthawi ya mankhwala ikakwana, mukamupeza kuti?

M'nyumba amasungulumwa, amalira pachitseko mpaka mutu kukuwawani. Komabe ndimaona madzi amene wamwa ndiponso mkodzo wake mumchenga umene amakodzeramo m'nyumbamo, zomwe adokotala a ziweto amafunsa tikapita.

Ine ndinasankha kuti masana azituluka pabwalo ndili pompo, n'kumulowetsa dzuwa lisanalowe.